Funsani Tikuyankheni: Masters ndi PhD ya mbiri ya zaluso kwa ochokera ku Chigwa cha Shire

Makalata a mwezi uno achokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo onse akukhudza nkhani imodzi. Munthu wamaliza digiri yoyamba, mtima wake uli pa zosemasema, zoumba, zoluka, nyumba zakale ndi zojambula za makolo. Apite kuti, nanga alowa bwanji? Mafunso tawafupikitsa ndipo maina sitinawatchule.

Ndine mphunzitsi wa History pa sekondale ina yoyendera ku Ngabu, ndipo ndili ndi digiri ya zauphunzitsi. Ndikufuna Masters ya mbiri ya zaluso koma kujambula sinditha, ngakhale nkhuku imene. Angandilandire?

Aphunzitsi, kujambula sikukufunika. Amene amafuna kuona zojambula zanu ndi a Fine Art, kumene wophunzira amapanga yekha chithunzi kapena chosema. Wa mbiri ya zaluso ntchito yake ndi kuyang'anitsitsa chinthu chimene wina anapanga, kuchifotokoza molondola, ndi kufufuza kuti anachipanga ndani, liti, ndi zipangizo zanji, chifukwa chiyani, ndipo chinayenda bwanji kuti chifike pamene chili lero. Zida zake ndi maso, kope, kamera, tepi yoyezera ndi laibulale.

Tengani mtsuko wamadzi umene uli pakhonde la nyumba ina ku Miseu Folo. Mukangolemba kuti "mtsuko wokongola wa chikhalidwe chathu", simunanene kanthu. Yezani kutalika kwake ndi kukula kwa pakamwa m'masentimita. Onani ngati khosi lili loongoka kapena lopindikira kunja. Werengani mizere yocheka paphewa, ndipo muone m'mphepete mwake: mzere wochekedwa dongo lidakali lofewa umatukula timilomo m'mbali, pamene wochekedwa dongo litayamba kuuma umakhala wosalala. Mawanga akuda pamimba akuuzani mbali imene inapsa mopanda mpweya wokwanira powotcha, ndipo pansi popekeseka pakuuzani kuti wakhala zaka zambiri pa dothi kapena pa nkhata. Kenako pitani kwa woumba. Dothi amakumba kuti? Amasakaniza mchenga kapena mapale osinja? Anamuphunzitsa ndani, ndipo n'chifukwa chiyani mitsuko yake ikusiyana ndi ya mayi ake? Mukatero muyerekeze ndi mapale akale amene ofukula anapeza m'chigwa muno. Keith Robinson anafufuza malo otere m'mbali mwa Shire ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1973.

Digiri ya History ndi khomo labwino, chimodzimodzi ya Anthropology, Archaeology, zachipembedzo kapena zazilankhulo. Chimene anthu ngati inu amasowa ndi umboni woti amatha kulemba za chinthu chooneka ndi maso. Mayunivesite ambiri amafuna chitsanzo cha zolemba zanu, ndipo dissertation ya zauphunzitsi yokamba za kujomba kwa ana m'kalasi siwasonyeza zimenezo. Lembani nkhani yatsopano ya masamba 10 kapena 15 pa chinthu chimodzi ngati mtsukowo, yokhala ndi zithunzi zanu ndiponso mabuku amene mwawerenga, mupatse mphunzitsi wanu wakale wa ku koleji aiwerenge ndi cholembera chofiira m'manja. Ikakhala yolimba mutha kuitumizanso ku Society of Malawi Journal.

Kodi phunziroli lilipo kuno ku Malawi, kapena mpaka kunja? Ndafufuza pa intaneti koma mutu wangozungulira. Ndine mnyamata wa ku Nchalo.

Achimwene, kuno kwathu phunziroli limakhala m'kati mwa madipatimenti ena, choncho musamangosaka dzina lake. Sakani munthu. Ku University of Malawi ku Zomba kuli aphunzitsi a History ndi a zaluso. Ku MUST ku Ndata, m'boma la Thyolo, kuli Bingu School of Culture and Heritage. Ku Mzuzu University ndi ku Catholic University ku Nguludi nakonso kuli aphunzitsi a mbiri. Lemberani mkulu wa dipatimenti, mufotokoze mutu wanu m'mizere yochepa, mufunse zinthu ziwiri: ngati Masters yofufuza ikulandira anthu chaka chino, ndiponso ngati alipo amene angakhale supavaiza wanu. Zomba ili ndi mwayi wina woti National Archives ili komweko. Chilichonse chimene mungasankhe, onani kaye ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite kuno.

Ku South Africa ndiko kufupi ndiponso kotsikirako mtengo. Wits ku Johannesburg ili ndi History of Art, komanso Rock Art Research Institute yofufuza zojambula za pamiyala. Leslie Zubieta anachitira kumeneko kafukufuku wake wa zojambula zokhudza chinamwali za ku Chongoni ku Dedza, dera la malo 127 limene UNESCO inaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Rhodes University ku Makhanda ili ndi Art History and Visual Culture, ndipo pomwepo pali International Library of African Music, imene Hugh Tracey anayambitsa mu 1954, yothandiza kwa wofuna kufufuza kapangidwe ka valimba ndi zoimbira zina. University of Cape Town ili ndi Michaelis School of Fine Art, ndipo Unisa imaphunzitsa munthu ali kwawo. Chenjerani ndi chimodzi: digiri yanu iyenera kuyamba yapita ku SAQA, bungwe la kumeneko loyesa madigiri akunja, kuti aiyese. Akaiika pa level 7, muyamba ndi chaka cha Honours, chomwe ndi level 8, kenako Masters, yomwe ndi level 9. Ambiri amaona ngati awanyoza, koma kwa munthu wochokera ku phunziro lina chaka chimenecho n'chimene chimamupatsa maziko. Sukulu kumeneko zimatsegula mu Febuluwale.

Ku Britain Masters ndi ya chaka chimodzi, imayamba mu Seputembala kapena Okutobala ndipo imatha ndi dissertation ya mawu pakati pa 10,000 ndi 15,000. Pa zaluso za mu Africa, yang'anani SOAS ku London ndi Sainsbury Research Unit ya pa University of East Anglia ku Norwich. Courtauld Institute of Art ya ku London ndi yotchuka kwambiri, koma mphamvu yake yaikulu kuyambira kale ili pa zaluso za ku Ulaya. Ngati mtima wanu uli pa ntchito ya mu myuziyamu, Leicester ili ndi Museum Studies, ndipo ina mwa iyo imaphunziridwa patali. Yunivesite iliyonse imayesa digiri ya ku Malawi mwa njira yake. Pa tsamba lawo pamakhala gawo la dziko ndi dziko, ndipo pamenepo ndi pomwe mudziwe ngati Credit yanu ikukwana.

Ku America anthu ambiri amalowa PhD yomwe imatenga zaka 5 mpaka 7, ndipo mayunivesite akuluakulu amalipirira wophunzira fizi ndi kumupatsa ya m'thumba. Mafomu amatseka mu Disembala kapena kumayambiriro a Januwale. Malamulo a viza a dziko limenelo akhala akusinthasintha, choncho funsani ku ofesi ya kazembe wawo ku Lilongwe musanalipire fomu iliyonse.

Ndatumiza proposal kawiri ndipo kawiri konse andikana. Mutu wake unali chikhalidwe ndi luso la Asena ndi Amang'anja. Ndinabadwira ku Nsanje konkuno, zimenezi ndimazidziwa. Chikulakwika n'chiyani?

Achemwali, funso lanu ndi limene tikufuna aliyense aliwerenge, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera. Kudziwa kwanu sitikukukayikira. Vuto ndi lakuti mwapereka dera lonse m'malo mopereka funso. Wowerenga proposal amafuna kuona zinthu zitatu: funso limodzi limene lingayankhidwe m'nthawi ya maphunziro anu, zinthu zenizeni zimene mudzaziyang'ane, ndi umboni woti mwawerenga amene anakutsogolerani. "Chikhalidwe cha Asena ndi Amang'anja" chingatenge moyo wa anthu khumi.

Chepetsani mpaka mutu ukhale ndi chinthu, malo ndi nthawi. Mwachitsanzo, nsalu za thonje. Zolemba za Apwitikizi za m'ma 1600 zimatchula nsalu zotchedwa machila zimene zinkagulitsidwa m'chigwa cha Zambezi, ndipo David Livingstone atakwera Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu, ena akusula makasu. Funso lingakhale lakuti: choombera chawo chinali chotani, nsalu zimene zatsala m'mamyuziyamu zikusonyeza chiyani za makulidwe ndi maombedwe, ndipo luso limeneli linazilala bwanji nsalu za m'sitolo zitachuluka? Mutu wina ndi kachisi wa M'bona ku Khulubvi, amene ali pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO kuyambira 2011. Nyumba ya mitengo ndi udzu imene imamangidwanso ikatha, mbiri yake imasungidwa pati? M'mitengo, m'kamangidwe, kapena mwa anthu amene ali ndi udindo womanga? Limeneli ndi funso limene katswiri wa zomangamanga kulikonse angatchere khutu. Ndipo si zakale zokha. Zikwangwani zopenta pamanja za m'magolosale a ku Bangula ndi Nchalo, mawu ndi mitundu ya penti pa njinga zakabaza, nyumba za njanji imene inalumikiza Port Herald (Nsanje ya lero) ndi Blantyre mu 1908, zonsezi ndi mitu.

Chachiwiri, werengani. Proposal yonena za M'bona yosatchula Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Netherlands amene anafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri n'kutulutsa buku lake lalikulu mu 1992, imaoneka kuti mwini wake sanatsegule buku. Chimodzimodzi yonena za thonje yosatchula Elias Mandala, amene mu 1990 anasindikiza mbiri ya ntchito ndi ulimi m'chigwa chino kuyambira 1859 mpaka 1960. Simukuwatchula pofuna kuwagwadira. Mukusonyeza pamene iwo analekezera: iwo anatsata chipembedzo, ufumu ndi chuma, inu mukutsata chinthu chopangidwa ndi manja. Mabuku otere mungawapeze ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre ndi ku laibulale ya yunivesite ku Zomba.

Chachitatu, tchulani zinthuzo ndi manambala ake. British Museum, Pitt Rivers Museum ya ku Oxford ndi National Museums Scotland ali ndi ndandanda za katundu wawo pa intaneti. Mukalemba "Nsanje" mupeza zochepa, chifukwa amene anatenga zinthuzo ankalemba maina a nthawi yawo. Yesani Port Herald, Chiromo, Lower Shire, Nyasaland, British Central Africa, ndi Manganja. Chinthu chilichonse chili ndi nambala yake, ikopereni pamodzi ndi dzina la amene anachipereka ndi chaka. Pitaninso ku myuziyamu ya ku Chichiri mukapemphe kuona zosungidwa m'nkhokwe, osati za m'magalasi zokha. Proposal yonena kuti "ndapeza nsalu zakutizakuti, manambala ake ndi awa" imaima payokha pakati pa zina makumi asanu.

Kutalika kwake nthawi zambiri ndi mawu 1,000 mpaka 2,000, pokhapokha atanena zina. Muikemo ndondomeko ya miyezi yolemekeza nyengo ya kwanu. Wolemba kuti adzayenda m'midzi ya ku Makhanga kapena ku East Bank mu Febuluwale akudziulula kuti sanaganize za madzi osefukira. Maulendo a m'midzi aikeni pakati pa Meyi ndi Seputembala, miyezi ya mvula muisungire laibulale ndi National Archives, ndipo mukachedwa mpaka Okutobala, kutentha kwake kumafuna kuti agogo muzicheza nawo m'mamawa. Pa bajeti musaiwale bwato, kabaza ndi kangachepe kopita nako kwa mfumu.

Pomaliza, musatumize kalata imodzimodzi kwa mapulofesa makumi awiri. Amazindikira. Sankhani atatu kapena anayi amene analembapo zoyandikana ndi mutu wanu, muwerenge nkhani imodzi ya aliyense, mulembe imelo yaifupi yotchula chimene mwatolamo ndi funso lanu, muikepo CV ndi tsamba limodzi la mutuwo. Pakapita milungu iwiri osayankha, kumbutsani kamodzi basi. Ndipo munene poyera kuti mumalankhula Chisena ndi Chimang'anja ndiponso kuti mafumu a m'deralo amakudziwani. Zimenezo ofufuza akunja amazifuna koma sangazigule.

Satifiketi yanga ya digiri ndi ya MSCE zinapita ndi madzi a Freddy mu Malichi 2023. Ndiyambire pati?

Pepani kwambiri, bambo. Si inu nokha m'chigwa muno, ndipo njira ilipo. Yambirani ku polisi mukatenge lipoti loti zikalata zinatayika. Ndi lipotilo lemberani Registrar wa yunivesite yanu kupempha transcript ndi kalata yotsimikiza kuti munamaliza digiri, chaka chake ndi mmene munakhozera. Mayunivesite akunja amadalira kwambiri transcript, ndipo ena amafuna ichokere ku ofesi ya Registrar molunjika, osadzera m'manja mwanu. Za MSCE pitani ku MANEB ku Zomba ndi nambala yanu ya mayeso, dzina la sukulu ndi chaka, akakupatseni chikalata chotsimikiza zotsatira. Nambala ikaiwalika, sukulu imene munalembera imakhala nayo m'mabuku ake.

Ngati munaphunzira ku Chancellor College kapena ku Polytechnic chisanafike chaka cha 2021, pamene University of Malawi inagawidwa, pemphaninso kalata yaifupi yofotokoza kusintha kwa maina. Kalaliki wa ku Norwich akaona dzina lina pa transcript ndi lina pa fomu, amangoika fayilo pambali.

Nkhani ya maina imapweteka anthu ambiri kuposa magiredi. Pa MSCE munalemba dzina la amalume amene anakulerani, pa chiphaso cha unzika pali la bambo anu, pa pasipoti chilembo chimodzi chasiyana. Konzani zimenezi msanga ndi chikalata cholumbira pamaso pa commissioner for oaths, amenenso angadinde makope a zikalata zanu. Pasipoti yambani kuilondola chaka chathunthu nthawi isanakwane. Zonse zikapezeka, zijambulitseni pa sikana zikhale PDF, osati chithunzi cha foni chopendekeka chooneka zala, ndipo dzitumizireni nokha pa imelo kuti madzi akadzabweranso asadzazipeze.

Makalata okuchitirani umboni amafunika awiri kapena atatu, ndipo mwa iwo aziposa a aphunzitsi amene anawerengapo zolemba zanu. Kalata ya abusa kapena ya phungu siithandiza apa. Mayunivesite ambiri amatumiza okha linki kwa wochitira umboniyo, ndipo amakhulupirira imelo ya kuntchito kuposa ya Gmail. Muwapemphe kudakali mwezi wathunthu, muwapatse CV ndi proposal, ndipo muwaimbire foni kutatsala sabata, chifukwa fomu yosowa kalata imodzi amaiona ngati yosamalizidwa.

Andilandira ku yunivesite ina ku Britain, koma fizi yake ndi yoopsa. Abale akuti tigulitse ng'ombe kuti ndilipire gawo loyamba, zina zidzaoneka konko. Nditero?

Musatero. Kalata yokulandirani si ndalama, ndipo viza ya ku Britain imafuna umboni wa fizi ya chaka ndi ndalama zodyera zomwe zakhala m'banki masiku 28 otsatizana. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: ng'ombezo ndi ntchito yanu zisungeni mpaka kalata ya sikolashipu itafika m'manja. Lemberani yunivesiteyo kupempha kuti malo anu awasunge mpaka chaka chamawa. Ambiri amalola kamodzi.

Pakali pano londolani ndalama. Chevening imalipirira Masters ya chaka chimodzi ku Britain pa phunziro lililonse. Imafuna zaka ziwiri za ntchito, zomwe amaziwerenga ngati maola 2,800, mumasankha makosi atatu, ndipo mukamaliza mumabwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Mafomu amatsegula cha mu Ogasiti n'kutseka mu Okutobala kapena kumayambiriro a Novembala. Beit Trust imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, m'mayunivesite osankhidwa a ku Britain ndi South Africa, choncho opikisana nawo ndi ocheperako. Mandela Rhodes ndi ya azaka 19 mpaka 29 ofuna Honours kapena Masters ku South Africa. Canon Collins nayo imathandiza a kum'mwera kwa Africa. Ya Commonwealth imayang'ana kwambiri chitukuko, ndiye ngati mukuyesa imeneyo sonyezani mmene ntchito yanu ikukhudzira maphunziro, zokopa alendo kapena kuteteza malo akale ku madzi osefukira. Musanamepo, ingofotokozani mbali imeneyo momveka. Funsaninso dipatimenti yeniyeniyo, chifukwa ena, monga a Sainsbury Research Unit, ali ndi thandizo lawolawo limene silimalengezedwa mokweza.

Yerekezaninso ndi South Africa. Chifukwa cha pangano la SADC la zamaphunziro la 1997, wophunzira wa ku Malawi m'yunivesite ya boma kumeneko amalipira fizi ngati mwini dziko, kuonjezerapo kandalama ka ophunzira akunja ndi inshuwalansi ya chipatala imene viza imafuna.

Ogwira ntchito m'boma apemphe tchuthi cha maphunziro kudzera kwa akuluakulu awo nthawi idakalipo, asangochoka. Ndipo aliyense wokuuzani pa WhatsApp kuti mutumize ndalama pa foni kuti akupezereni sikolashipu ndi wakuba. Mafomu a Chevening salipiritsa.

Ndaphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5. IELTS ndi ya chiyaninso?

IELTS ndi mayeso oyesa Chingerezi chanu. Mayunivesite ena amakhululukira Amalawi akalandira kalata yoti digiri inaphunzitsidwa m'Chingerezi, ena salola. Funsani polemba, ndipo yankho lawo mulisunge. Kumene ikufunika, pa maphunziro ngati awa amafuna 6.5 kapena 7.0, nthawi zambiri ndi malire apadera pa gawo lolemba, lomwe ndi limene limagwetsa anthu olankhula bwino chifukwa cha kuchepa kwa nthawi. Zotsatira zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, choncho musalembe msanga kwambiri. Za masiku ndi malo olembera funsani a British Council.

PhD ya ku America imafunanso kuti muzitha kuwerenga chilankhulo china chimodzi kapena ziwiri. Kwa wofufuza za m'chigwa chino, sankhani Chipwitikizi. Zolemba zakale za Sena, Tete ndi Amaravi zili ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo ndi ku Arquivo Histórico Ultramarino ku Lisbon, ndipo wa ku Marka amene amachimva kale pamsika wayamba ali patsogolo.

Ndikufuna kulemba za zigoba za Gule Wamkulu kuno ku Chikwawa. Ndingangopita ndi kamera pamaliro kapena pachizangala?

Ayi, achimwene. Zilolezo ndi zamitundu iwiri, ndipo zonse n'zofunika. Cha pa pepala chimachokera ku komiti yoona za kafukufuku ya yunivesite yanu, ndiponso kuno kwathu ku National Commission for Science and Technology kudzera m'komiti yake ya kafukufuku wokhudza anthu ndi chikhalidwe, kapena komiti ya yunivesite imene iwo anaivomereza. Ngati mukhudza malo akale kapena zinthu zofukulidwa, Dipatimenti ya Museums and Monuments iyenera kudziwa, ndipo lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kufukula kapena kutulutsa zinthu zotere kunja popanda chilolezo. Ngakhale phale limene mwaliona pansi, lijambuleni pomwepo, mulembe malo, mulisiye. Ikani miyezi iwiri kapena itatu pa ndondomeko yanu yodikira zilolezozi.

Chilolezo chachiwiri n'cha eni ake. Mumayambira kwa DC, kenako kwa mfumu yaikulu, gulupu, nyakwawa, mpaka kwa akuluakulu a kudambwe. UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, koma zimenezo sizinatsegule dambwe. Zimene zimaoneka pabwalo, monga maonekedwe a chilombo, mavinidwe, nyimbo ndi mmene anthu akuchilandirira, mutha kuzilemba akakulolani. Zakudambwe, ngakhale mutakhala wometa, munazilandira ndi lumbiro, ndipo dissertation masiku ano imaikidwa pa intaneti kuti aliyense aiwerenge. Gwirizanani ndi akuluakulu musanayambe: chiti chijambulidwe, chiti chilembedwe popanda chithunzi, chiti chisatchulidwe n'komwe. Mulembe mgwirizanowo m'proposal. Oyesa saona zimenezi ngati kufooka, amaona munthu wodziwa ntchito. Ku Khulubvi nakonso kuli malamulo a kavalidwe ndi malo oyenera kufika, ndipo mumatsata zimene osunga kachisi akuuzani.

Musanapite m'midzi, kaoneni zigoba zimene zili ku Chamare Museum ya Kungoni Centre ku Mua, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Zambiri kumeneko n'za m'chigawo chapakati, ndiye mukafika kwanu mudzatha kufunsa funso lolimba: za Amang'anja zikusiyana pati, ndipo chifukwa chiyani? Mukamaliza, bwezerani zithunzi zosindikiza kwa amene munawajambula, ndi chidule cha zimene mwapeza m'chilankhulo chawo.

Mwana wanga wamkazi akufuna maphunziro amenewa. Ine ndine mlimi kwa Chapananga ndipo ndamulipirira movutika. Akamaliza adzagwira ntchito yanji?

Bambo, funso lanu n'loyenera ndipo sitikunamizani: ntchito zake n'zochepa. Zimene zilipo ndi kuphunzitsa m'yunivesite, kumene Masters ndi poyambira ndipo PhD ndi imene imakhazikitsa munthu, ntchito za ku Dipatimenti ya Museums and Monuments, mamyuziyamu monga ya Chichiri, ya Karonga ndi ya ku Mua, National Archives, ndi kulemba mabuku a sukulu. Palinso ntchito za kontilakiti. Zitukuko zikuluzikulu, monga ngalande yothirira ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira, zimafuna kuti akatswiri ayambe aona manda, malo opembedzera ndi midzi yakale makina asanadutse, ndipo wodziwa chilankhulo ndi mafumu a deralo amafunika pamenepo.

Langizo lathu ndi ili. Asasiye ntchito imene ali nayo, ndipo inu musatenge ngongole ya katapila chifukwa cha digiri imeneyi. Apite pokhapokha sikolashipu italipira zonse, kapena aphunzire kuno ali pantchito. Posankha makosi aphatikizepo luso logulitsika: kusamala ndi kukonza zinthu zakale, kulemba ndandanda ya katundu wa myuziyamu pa kompyuta, kujambula mapu ndi GIS, ndi kulemba mapulopozo opempha ndalama. University of Pretoria ili ndi Masters ya kusamala zinthu zakale ya mtundu umenewu. Chaka chino ayambe ndi zotheka: apemphe kugwira ntchito yongodzipereka ku Chichiri nthawi ya holide, alembe nkhani yake ya masamba 15, ndipo atenge transcript ndi pasipoti mafomu a Ogasiti asanatseguke.